Kubwerera kwathu patatha zaka zambiri ku England: tinyamuke tonse kamodzi kapena mmodzi atsogole?

Bambo wa Awiri:

Moni kwa nonse. Ine ndi mayi a kunyumba takhala ku England kwa zaka zoposa khumi, ndipo tsopano tagwirizana zobwerera kwathu, chifukwa makolo athu akukalamba ndipo zatikwana kumangomva za matenda awo pafoni. Pa zobwerera palibe mkangano pakati pathu, koma tasiyana maganizo pa kabwereredwe kake. Ine ndikufuna kuti sukulu zikatsekera mu Julaye tigulitse nyumba, tilongedze katundu m'kontena, tonse tinyamuke kamodzi, chifukwa ndaona anzathu ambiri amene akhala akunena kuti abwerera chaka chamawa mpaka imvi zawamera ali komweko. Mayi akuti ine nditsogole, ndikapeze ntchito ndi pokhala, iwo atsale ndi ana mpaka zinthu zitalongosoka.

Tonse awiri tili ndi chilolezo chokhala m'dziko muno popanda malire a nthawi, chimene chimatchedwa Indefinite Leave to Remain, koma sitinatenge unzika. Mayi ndi namwino, ine ndimagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina. Mwana wathu wamkulu ali ndi zaka 13 ndipo anabadwa tisanalandire chilolezocho, pamene wamng'ono ali ndi zaka 6 ndipo anabadwa titachilandira kale. Nyumba tikulipirabe ngongole yake kubanki. Ndikupempha amene munabwererapo, kapena amene mumadziwa malamulo ake, kuti mutiuze zoyenera kukonza tisananyamuke, makamaka pa nkhani ya mapepala, penshoni ndi ana, komanso kuti pa njira ziwirizi yanzeru ndi iti.

Mayi Wamapepala:

Bambo, ndiyamba ndi mapepala, chifukwa zina zonse munthu angathe kuzikonza ali kale kwawo, koma izi zimafuna kuti mukhale mudakali ku England. Chilolezo chimene muli nacho chili ndi dzina lonyenga. N'zoona kuti sichitha mukamakhala m'dzikomo, koma mukakhala kunja kwa UK kwa zaka zoposa ziwiri mosadukiza chimatha chokha, popanda aliyense kukulemberani kalata yokuchenjezani. Chikatha, njira yotsala ndi kupempha viza yotchedwa Returning Resident, ndipo pamenepo muyenera kuwakhutiritsa kuti mudakali ndi mizu yolimba m'dzikomo, chinthu chovuta kwa munthu amene anagulitsa nyumba ndi kusamutsa banja lonse. Malire a zaka 5 amene mwina munamvapo ndi a anthu a pulogalamu ya EU Settlement Scheme, ya nzika za maiko a ku Ulaya ndi mabanja awo, osati a inu.

Unzika wokha ndiwo sutha chifukwa chokhala kunja, n'chifukwa chake ambiri amalangiza kuti munthu autenge asanachoke. Koma pali mfundo imene olangizawo kawirikawiri amaidumpha. Kuwonjezera pa kukhala ndi chilolezo chanucho kwa miyezi 12, kusakhala kunja masiku oposa 450 m'zaka 5 zapitazi ndi masiku oposa 90 m'chaka chomaliza, komanso kukhoza mayeso a Life in the UK, wopemphayo amatsimikiza kuti ali ndi cholinga chopitiriza kukhala m'dzikomo. Munthu amene walipira kale kontena ndipo nyumba yake ili pamsika sangasainire mawu amenewo ndi mtima woyera, ndipo unzika wopezedwa mwachinyengo boma lili ndi mphamvu zoulanda. Pa nkhani imeneyi kaonaneni ndi loya wa za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo mumuuze zonse mmene zilili.

Za ana n'zosavuta, koma musazengereze nazo. Kuyambira pa 1 Januwale 1983, kubadwira ku UK pakokha sikupatsa mwana unzika. Wamng'onoyo ndi nzika kale ngati anabadwira ku UK, popeza anabadwa makolo ake ali ndi chilolezo chokhazikika, ndipo chimene chatsala ndi kumutengera pasipoti basi. Wamkuluyo si nzika mpaka mutamulembetsa. Ngati anabadwira ku UK, ali ndi ufulu wolembetsedwa chifukwa inu munalandira chilolezocho iye asanakwanitse zaka 18, ndipo alinso ndi njira ina ngati anakhala m'dzikomo zaka 10 zoyambirira za moyo wake. Chitani zimenezi tsopano, pamene makalata a kusukulu ndi a kuchipatala otsimikizira kuti wakhala komweko ali pafupi. Kukafunafuna makalata oterowo muli kutsidya kwa nyanja ndi ntchito yotopetsa kwambiri.

Musanachite chilichonse mwa izi, werengani lamulo la dziko lanu pa nkhani yokhala nzika ya maiko awiri. Maiko monga India ndi China salola, Japan imafuna kuti munthu asankhe dziko limodzi, pamene Germany inafewetsa lamulo lake mu June 2024. Kumene sikuloledwa, munthu angapezeke akupempha viza yolowera m'dziko limene anabadwira.

Kwa ena amene akuwerenga ali m'maiko ena, msampha wake ndi womwewu ngakhale manambala ndi osiyana. Ku United States, wokhala ndi Green Card akakhala kunja kupitirira chaka popanda chilolezo chobwererera amaonedwa ngati wasiya yekha ufulu wake, ndipo chilolezocho chimapemphedwa munthu adakali m'dzikomo, chimagwira ntchito zaka zosaposa ziwiri. Ku Canada amafuna masiku 730 a kukhala m'dzikomo pa zaka 5 zilizonse.

Wowerengera Ndalama:

Ndikugwirizana ndi zonse zimene mayi afotokoza pamwambapa, ndipo ine ndiwonjezere za ndalama. Choyamba, achimwene, lowani pa intaneti muone zaka zimene inu ndi mlamu mwapereka ndalama za National Insurance, zimene ogwira ntchito amapereka ku boma ndipo zimawerengedwa pa penshoni. Kuti munthu alandire kalikonse pa penshoni ya boma amafunika zaka zosachepera 10, ndipo penshoni yonse ya dongosolo latsopano, limene linayamba mu Epulo 2016, imafuna zaka 35. Mwanena kuti mwakhalako zaka zoposa khumi, koma zaka zokhala m'dziko ndi zaka zopereka si chinthu chimodzi, makamaka ngati zina munali pasukulu. Kukhala mutapereka zaka 9 n'kunyamuka, pamene miyezi yochepa yokha ikanakwaniritsa chaka cha khumi, kungakhale kutaya kwakukulu.

Penshoniyo amalipira kulikonse kumene munthu ali padziko lapansi, koma sikuti imakwera kulikonse. Amene amakhala m'maiko a European Economic Area, ku Switzerland, kapena m'maiko amene ali ndi mgwirizano wapadera ndi UK monga United States, Jamaica, Philippines ndi Mauritius, amawonjezeredwa chaka ndi chaka. Amene ali ku Canada, Australia, New Zealand, India, South Africa ndi maiko ena ambiri amalandira ndalama yomweyo imene anayamba nayo mpaka imfa, ngakhale mitengo ya zinthu ikwere bwanji. Onani kuti dziko lanu lili mbali iti, ndipo muwerengere ukalamba wanu molingana ndi zimenezo. Penshoni ya kuntchito ndi nkhani ina: simungaitenge musanakwane zaka 55, ndipo msinkhuwu ukwera kufika pa 57 mu Epulo 2028. Chenjerani ndi anthu amene amaimbira foni obwerera kwawo n'kuwalonjeza kuti awatulutsira ndalamazo msanga, chifukwa msonkho wa chilango ndi wolemera, ndipo ena mwa anthuwo ndi akuba chabe.

Pa za nyumba, maganizo anga ndi akuti musaigulitse m'chaka choyamba ngati mungathe kupirira. Ikani anthu a lendi, mutapempha kaye chilolezo kubanki imene inakukongozani, popeza ngongole ya nyumba yokhalamo mwini ili ndi malamulo osiyana ndi ya nyumba ya lendi. Lendiyo idzakhomedwa msonkho ku UK ngakhale inu muli kunja, pansi pa dongosolo la eni nyumba okhala kunja, koma idzakupatsani ndalama ya mphamvu pa nthawi imene malipiro a kwanu asanayambe kubwera. Nyumba mungathe kuigulitsa chaka chilichonse mutafuna, koma mukaigulitsa n'kusintha ndalama zonse kupita ku ndalama ya dziko imene mphamvu yake imatsika, simungabwerere m'mbuyo.

Chaka cha msonkho ku UK chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo, ndipo amene wachoka pakati pa chaka amadziwitsa a HMRC, ofesi ya boma yotolera msonkho, kawirikawiri ndi fomu ya P85, ndipo nthawi zambiri amabwezeredwa msonkho wina. Musaganize kuti pofuna kudziwa ngati munthu ndi wokhala ku UK pa za msonkho amangoona ngati wakhalako masiku 183 pachaka. Kuyambira mu 2013 amayang'ananso zinthu zokumangirirani kudziko, monga mkazi ndi ana amene atsala, nyumba imene mungafikiremo ndi ntchito, kotero kuti mukatsogola inu nokha n'kumabwera kudzaona banja kawirikawiri, mungapezeke mukuwerengedwabe ngati wokhala ku UK ngakhale masiku anu ali ochepa.

Kanthu kakang'ono kamene kamasautsa anthu ambiri ndi nambala ya foni. Munthu amafika kwawo, amataya simu khadi yakale, kenako tsiku limene akufuna kutumiza ndalama banki imatumiza manambala achinsinsi ku foni imene kulibenso, ndipo amakhala maola akuimba foni ya kunja, akumvera nyimbo yodikirira, ndalama zake zili zotsekeredwa. Sungani nambalayo, ndipo funsani banki yanu ngati imalola akaunti ya munthu wokhala kunja, chifukwa ena amatseka.

Wobwerera Kale:

Achimwene, anzathu awiriwa akupatsani za malamulo, ndipo ine sindingawonjezerepo kanthu. Ndilankhula ngati munthu amene anabwerera ndi banja lake patatha zaka zambiri, ndipo sanabwererenso kunja. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo ine sinditsutsa. Koma kwanu kumene mukukukumbukira ndi kwa chaka chimene munachoka, ndipo kumeneko kulibenso. Anzanu amene munkacheza nawo anakwezedwa pantchito, ena anasamuka, ena anamwalira, ndipo otsalawo anazolowera moyo umene inu mulibemo. Masabata oyambirira aliyense amafuna kukuonani. Pakatha miyezi itatu foni imakhala zii, kupatula kumapeto kwa mwezi, pamene amaimba ndi amene akuganiza kuti munabwera ndi chuma chosatha.

Zimenezi si zachilendo, ndipo akatswiri anazilemba kalekale. Sverre Lysgaard, amene mu 1955 anafufuza anthu a ku Norway omwe anakaphunzira ku America, anaona kuti mlendo amayamba ndi chisangalalo, kenako mtima umatsika, pambuyo pake n'kuzolowera. Mu 1963 John ndi Jeanne Gullahorn anaonetsa kuti kutsika komweko kumachitikanso kachiwiri munthu akabwerera kwawo. Ine ndimaona kuti kutsika kwachiwiriku kumapweteka kuposa koyamba, chifukwa popita kunja munthu amayembekezera kuvutika ndipo anthu amamumvera chisoni, pamene wobwerera akadandaula amangouzidwa kuti watchona ndipo wayamba matama. Ndiye amaphunzira kukhala chete. Ndinaona ndekha kuti chiganizo chilichonse choyamba ndi mawu akuti “kumene ndinali kuja” chimatseka makutu a anthu nthawi yomweyo, ngakhale mfundo yake ikhale yabwino chotani, makamaka kuntchito, kumene anzanu amene sanachoke amakhala akuyang'ana ngati mwabwera kudzawaphunzitsa.

Pa za ntchito, musadalire kuti mbiri yanu ya kunja idzakutsegulirani zitseko yokha. Olemba ntchito ena amaopa kuti mudzafuna malipiro amene sangakwanitse, ena amaganiza kuti simukhalitsa. Ntchito zambiri zimapezeka kudzera mwa anthu okudziwani, ndipo anthu oterowo munawasiya kalekale. Popeza ntchito yanu ndi ya makompyuta, funsani abwana anu ngati angalole kuti muziwagwirira muli kunja kwa miyezi ingapo, koma zikhale zolembedwa, chifukwa zimakhudza msonkho wa maiko onse awiri. Mlamu nawo adziwe kuti kalembera wa anamwino wa NMC, bungwe loyang'anira anamwino ku UK, amafuna kukonzedwanso zaka zitatu zilizonse, ndi maola 450 a ntchito, ndipo apemphe bungwelo kuti litumize kalata yotsimikizira mbiri yawo ku bungwe la anamwino la kwanu iwo asananyamuke.

Pa funso lanu lenileni, ine ndili mbali ya mlamu: mmodzi atsogole. Malipiro amodzi akhale akulowabe pamene winayo akufufuza, ndipo ana asafikire m'nyumba ya achibale ndi masutikesi osamasula. Koma kutsogolako kukhale ndi tsiku lothera lolembedwa, lodziwika kwa ana ndi kwa makolo onse, chifukwa mantha anu aja a chaka chamawa chosafika ndi oona.

Mwana wa Matchona:

Pepani akuluakulu, ndilowererepo ngakhale ndine wamng'ono kwa nonsenu. Ine ndinabadwira kunja ndipo makolo anga ananditengera kwawo ndili msinkhu wa mwana wanu wamkuluyo, choncho ndikufuna kumulankhulira. Nonse mukulemba kuti “kubwerera”, koma kwa ana anu ulendowu si wobwerera. Iwo akusamuka kuchoka kwawo kupita kudziko limene amalidziwa pa tchuthi ndi pa zithunzi, ndipo n'zovuta kwambiri chifukwa nkhope yawo imafanana ndi ya aliyense, kotero palibe amene amawakhululukira akalakwitsa. Ndimakumbukira tsiku langa loyamba m'kalasi, aphunzitsi atandifunsa funso, ine n'kuyankha ndi kalankhulidwe kanga ka kunja, kalasi yonse n'kuphulika ndi kuseka. Teremu yonseyo sindinakwezenso dzanja, ndipo makolo anga ankaona ngati zonse zili bwino popeza magiredi sanatsike.

Wa zaka 6 uja sindikumudera nkhawa, chifukwa pa msinkhu umenewo chilankhulo chimalowa msanga ndipo anzake amapezeka pabwalo lamasewera. Wa zaka 13 ali pamphambano. Ku England maphunziro a kusekondale okonzekera mayeso a GCSE amayamba mu Year 10, mwana ali ndi zaka 14, ndipo mayeso amalembedwa ali ndi zaka 16. Nthawi yabwino yomusamutsa ndi asanayambe zaka ziwirizo kapena atazimaliza. Kumuzula pakati ndiko koipitsitsa. Ndiye ngati bambo mutsogola n'kukhala chaka chathunthu, mudzapeza kuti mwanayo walowa kale mu Year 10, ndipo chaka chimodzi chija chasanduka zaka zitatu. Apa ndi pamene ndikusiyana ndi a Wobwerera Kale. Ndaona mabanja amene anapatukana “kwa kanthawi” pa chifukwa chomwechi, ndipo mayi anatsala yekha ndi ana awiri, akugwira mashifiti a usiku kuchipatala, pamene bambo akuzolowera moyo wina.

Dziwaninso kuti pasipoti ya UK payokha siimupatsa mwana fizi yotsika ya ku yunivesite. Lamulo limafuna kuti akhale atakhala m'dzikomo zaka zitatu zotsatizana maphunziro asanayambe, apo ayi amalipira ngati wophunzira wochokera kunja, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Chimodzimodzi chithandizo chaulere cha zipatala za boma (NHS) chimatsata kumene munthu akukhala, osati mtundu wa pasipoti yake. Sindikunena izi kuti musapite. Ine lero ndimayamika kuti ndinawadziwa agogo anga adakali moyo ndipo ndimalankhula chilankhulo chawo. Ndikungopempha kuti mukhale naye pansi mwanayo, mumuuze zoona zonse kuphatikizapo za yunivesitezi, ndipo musamulonjeze kuti akakakonda pompopompo.

Bambo wa Awiri:

Zikomo kwambiri nonse. Za kulembetsa mwana wamkulu tayamba kale kusonkhanitsa makalata, ndipo za kugulitsa nyumba ndavomera kuti tidikire. Mfundo ya Year 10 yasintha kawerengedwe kathu konse, moti tsopano tikuganiza kuti ine nditsogole mu Epulo, mayi ndi ana anditsatire sukulu zikatsekera mu Julaye chaka chomwecho. Funso latsala ndi la katundu: kodi kontena inyamuke ndi ine kapena idikire iwo, ndipo kodi n'kwanzeru kutenga galimoto?

Mayi Wamapepala:

Musanasankhe tsiku la kontena, lemberani ofesi ya msonkho wa katundu wolowa m'dziko lanu, ndipo yankho lawo mulisunge lolembedwa. Maiko ambiri amachotsera nzika zobwerera msonkho pa katundu wa m'nyumba wogwiritsidwa kale ntchito, koma amaika malire a nthawi imene munthu wakhala kunja, nthawi imene wakhala ndi katunduyo, ndi nthawi imene katunduyo ayenera kufika kuchokera pa tsiku limene mwini wake walowa. UK yomwe, kwa anthu obwerera kumeneko, imafuna miyezi 12 ya kukhala kunja ndi miyezi 6 ya kukhala ndi katunduyo. Choncho ngati mapepala a kontena ali m'dzina lanu, nthawi idzayamba kuwerengedwa kuchokera mu Epulo, pamene akakhala m'dzina la mayi idzayambira mu Julaye, ndipo zinthu zatsopano zogulidwa sabata yomaliza zingakhomedwe msonkho wonse. Kontena ya mafiti 20 imalowa katundu wa makyubiki mita pafupifupi 33, ndipo kwa banja la anthu anayi limene silikutenga mipando yonse imakwanira.

Galimoto ili ndi malamulo akeake. Ya ku UK ili ndi chiwongolero kumanja, ndipo maiko ena oyendetsa kumanja kwa msewu salola kulembetsa galimoto yotero, pamene ena amaletsa kapena kukhometsa msonkho wokwera pa galimoto zopitirira zaka zakutizakuti. Funsaninso amakaniko a kwanu ngati zipangizo za mtundu umenewo zimapezeka mosavuta, chifukwa galimoto ya dizilo ya masiku ano yokhala ndi sefa ya utsi imavuta msanga kumene mafuta ali ndi salufa wambiri. Mapepala ofunika, monga zikalata za kubadwa kwa ana, satifiketi ya ukwati, makadi a katemera, malipoti a kusukulu ndi kalata ya inshulansi yosonyeza zaka zimene mwayendetsa popanda ngozi, asalowe m'kontena; akhale m'chikwama cha m'manja cha amene akuyenda ndi ana.